Chiliza cha Esinati ndi Difu ya Alamu

Ine maulendo sindiwakonda. Ntchito yanga ndi kugona pansi pa galimoto za eni ku Biwi. Ndikadzuka, eniwo amapita kumene akupita, ine n'kutsala. Koma ulendo wa kwathu, kuseri kwa Tsangano, ndinaupita, chifukwa katundu wake anali chiliza cha mlongo wanga Esinati.

Pa nthawi ya ulendowu n'kuti patatha zaka ziwiri chimwalirireni Esinati. Tinakamuika kwathu. Manda ake anakhala mulu wa dothi mpaka amuna ake, alamu anga a Kamwendo a ku Area 25, atamva kuti anthu ayamba kuwanena. Anagula mwala. Anatumiza uthenga kumudzi kuti mwambo ndi Loweruka m'mawa. Abusa anauzidwa, mbuzi zinamangidwa, amisiri a konko anamanga pokhazika. Mwalawo unayenera kufika Lachisanu dzuwa lisanalowe kuti simenti igone usiku umodzi. Ukanapanda kufika, mudzi wonse ukanaimba nyimbo pamanda opanda mwala, amayi athu okalamba ali pomwepo.

Alamu ndi munthu wa mu ofesi. Manja awo ndi ofewa ngati buledi. Ali ndi galimoto yakale ya fo bayi fo, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo amaisamala kuposa mmene ankasamalira Esinati. Kutatsala mlungu umodzi anaibweretsa kwa ine ikudontha kumbuyo. Ndinasintha silo ya pa difu. Difu ndi chibokosi cha magiya cha pakati pa matayala, silo ndi kamphira kozungulira kamene kamatsekera oyilo pamene shafuti yaitali imalowera. Ndinaiyendetsa mpaka ku Likuni ndi kubwerera. Pansi panali pouma. Ndinawabwezera makiyi.

Wachitatu pa ulendowu anali Che Jafali a ku Kawale, mmisiri amene anapanga mwalawo. Ndi Msilamu, kwawo ku Namwera, koma Akhristu ambiri agona pansi pa ntchito ya manja ake.

Tinakumana kwa Che Jafali kukucha. Galimoto inabwera ikunyezimira ngati nsapato ya mkwati. Jekete ya alamu inali itapachikidwa pawindo. Anthu asanu anatithandiza kukweza mwala, tinaugoneka pa matiresi akale, matumba a simenti m'mbali. Asanaufunde nsalu ndinawerenga. Dzina la Esinati linali pamwamba. Pansi pake panali malemba a golide: chamangidwa ndi mwamuna wake wokonda, B. Kamwendo. Malemba a pansiwo ndiwo anali akuluakulu.

Ndinayang'ana Che Jafali.

“Ine ndimalemba zimene ndauzidwa, bambo,” anatero chapansipansi. “Akuti zawo zikule pang'ono kuti okalamba asavutike kuwerenga.”

Ankayendetsa ndi alamu. Kuchokera ku Area 36 mpaka ku Nathenje ankandiphunzitsa za galimoto. Zonse anaziona pa foni. Titadutsa Nathenje anayamba kuyeserera mawu amene adzalankhule pamanda. Ankalankhula, n'kuima, n'kufunsa ngati mawu akuti “mzati wa banja” akumveka bwino. Ndinafunsa kuti mzatiwo ndani. Anati iwowo. Ndinayang'ana panja.

Fungo ndinalimva pa Linthipe. Oyilo wa difu sanunkha ngati wa injini. Amanunkha ngati dzira lowola. Ndinadikira mpaka pa Chimbiya, pamene alamu anaima kuti adye nyama yootcha. Ndinazungulira kumbuyo. Galasi lonse linali ndi timadontho, fumbi litakakamira pa kalikonse. Ndinagwada.

Pansi pa galimoto panali pakuda bii, ponyezimira, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Wina anali atapopera phula paliponse. Ndipo mozungulira silo yanga panali mzere wa oyilo wowazika.

Alamu anabwera akutafuna.

“Mwapaka chiyani pansipa?” ndinafunsa.

“Zoteteza dzimbiri. Ndinapopetsa dzulo. Munthu sungafike kwa apongozi ndi galimoto yofiira pansi ngati ngolo.” Anawerama osagwada, kuopa buluku. “Koma musasinthe nkhani, alamu. Chikudonthacho si chimene munakonza chija?”

“Ndi chomwecho.”

“Ndinadziwa ine! Masipeya a ku Biwi! Mwandiikira feki, mlamu wanu weniweni. Mwala ukapanda kufika, mukawafotokozere nokha amayi.”

Ndinagwadanso. Difu inali yotentha yosagwirika, choncho ndinadikira kuti izizire. Che Jafali nyama anaikana, sanadziwe amene anazinga. Anagula mazira awiri owiritsa, limodzi n'kundipatsa. Difu itazizira ndinamasula bawuti yothirira, n'kupisa chala. Oyilo anali atatsika kwambiri. Ndinathira amene ndinanyamula. Tinanyamuka pang'onopang'ono.

Pageti yolipira ya Kalinyeke alamu anadandaula za mtengo wa zinthu m'dziko muno, ngati kuti anafunsidwa.

Pa Dedza tinafika nayini isanakwane. Sitolo ya masipeya inali yotsegula, koma kabati ya masilo inali yokiya. Mayi amene tinamupeza anati eni ake apita kuchipatala kukaona m'bale, abwera pompano. Pompano wa ku Dedza ndi wautali. Mphepo ya pamenepo imalowa mpaka m'mafupa. Anyamata a kabaza anabwera kudzaonerera. Alamu anakhala m'galimoto atatseka mawindo.

Ine ndinayamba ntchito. Ndinamasula mabawuti anayi a shafuti, n'kuimangirira pambali ndi waya. Nati yaikulu ya pakati ndinaidinda chizindikiro ndi kuwerenga mano ake otsala, kuti ndidzaibwezere pamene inali. Ukaimanga mopitirira, beringi imapsa. Ukailekerera, difu imalira. Ndinasolola fulanja, chitsulo chimene silo imakumbatira. Ndinayendetsapo chikhadabo kufuna mzere wodyeka. Panalibe. Ndinagwedeza beringi. Inali nganganga. Ndinatulutsa silo yanga ija. Mlomo wake sunang'ambike, mphira wake anali wofewa. Silo inali yamoyo.

Zimenezi sizinandisangalatse. Chinthu chakufa chimakuuza chimene chachipha. Chamoyo chimangokuyang'ana.

Alamu anatsika, n'kuitola ndi zala ziwiri, n'kuionetsa kwa anyamata a kabaza.

“Mukuona, achimwene? Feki iyi. Munthu akangothera sitandade sikisi, mavuto ake ndi amenewa.”

Mmodzi anafunsa kuti feki imadziwika bwanji. Alamu anayankha m'Chizungu. Mnyamatayo anagwedeza mutu n'kubwerera pa njinga yake.

Kenako alamu anasowa pang'ono, n'kubwera ndi kabotolo ka mankhwala. Anati pa foni akuti ukathira m'difu, kudontha konse kumatha.

“Mukathira zimenezo, ine ndikwera minibasi,” ndinatero.

Anakaika m'thumba.

Eni sitolo anabwera dzuwa lili paliwombo. Silo yoyamba imene anatulutsa inali yaikulu. Anati imalowa ndithu ukaimenya bwino. Ndinawafunsa ngati nsapato amagulanso choncho. Anafufuzanso mpaka anapeza yofanana ndi yanga. Ndinagulanso oyilo. Che Jafali anapita ku mzikiti popeza linali Lachisanu. Pamene ankabwera ndinali nditakhoma silo, nditabwezera nati pa chizindikiro chake.

“Ndakupemphererani nonse,” anatero. “Galimoto ndiye sindinaitchule. Imeneyo ndi ya a Damiyano.”

Damiyano ndine.

Pa Lizulu ndinagwadanso. Panali kachinyezi pang'ono. Ndinadzinamiza kuti ndi oyilo wakale. Alamu anagula makabichi ndi thumba lonse la kachewere loti akapatse apongozi. Kachewere, kupita naye ku Tsangano kumene amachokera. Che Jafali anafunsa ngati tikadzapita ku Mangochi tidzanyamulenso usipa. Alamu sanaseke.

Tinakhotera msewu wa Tsangano cha m'ma thu koloko. Tala anatiperekeza pang'ono, kenako anatisiya. Kunatsala miyala, migula ndi zitunda. Alamu analowetsa giya ya matayala anayi monyadira, akutiyang'ana ngati aipanga okha. Tinakwera, tinatsika, tinakweranso. Injini inkabuula. Pansi pa mapazi panayamba kutentha.

Tinadutsa msika wa Tsangano osaima. Patsogolo pake pali chitsikiro chachitali chopita pa kamlatho. Alamu anaponda buleki. Galimoto inakokera kumanja. Anapondanso mwamphamvu, kumbuyo kunavina, mwala unasuntha n'kugunda mpando. Che Jafali anaugwera pamwamba ataukumbatira, akuitana Mulungu m'Chiyawo ndi m'Chiarabu. Tinaima mphuno ya galimoto itakhudza chiunda cha dothi. Kumbali inayo kunali phompho.

Ndinatsika. Tayala lakumbuyo lakumanzere linali ndi mizere ya oyilo yochokera pakati kupita m'mbali. Silo ya ku tayala inali itatsegula, oyilo walowa m'mabuleki. Ndinakwawira pansi. Silo yatsopano ya ku Dedza inali yonyowa. Ndinakwawira kutsogolo. Difu yakutsogolo nayonso inkachita thukuta.

Silo imodzi ikadontha, vuto ndi silo. Zitatu zikalira tsiku limodzi, pali wina akuzimenya.

“Feki inanso!” anakuwa alamu ali pamwamba. “Dziko lino latha!”

Nthawi yodikira kuti difu izizire inalibe. Ndinakulunga chisanza padzanja, ndinaika sipanala pa bawuti yothirira, ndinapotoza. Isanatuluke n'komwe inangoti fyoooo, ngati tayala labooka. Mpweya wotentha unandiwomba kumaso.

Ndili chigonere chagada pamenepo, ndinazindikira chimene chinkamenya masilo.

Difu imapuma. Pamwamba pake pali kamphuno kachitsulo, kotalika ngati chala, kokhala ndi kachipewa kogwedera. Oyilo akatentha, mpweya wa mkati umafufuma, n'kutulukira pamenepo. Ukatseka kamphunoko, mpweya umafuna khomo lina, ndipo khomo lofewa ndi silo.

Ndinapisa dzanja pamwamba pa difu. Ndinapeza chotupa cha phula. Ndinachipala ndi mpeni. Pansi pa phulalo panali jumbo ya shuga, yokulungidwa bwinobwino, yomangidwa ndi mphira wa chubu. Kutsogolo chimodzimodzi. Ndinatuluka nazo m'manja.

“Izi wamanga ndani?”

Alamu anayang'ana jumbo, n'kuyang'ana phiri.

“Anyamata opopera aja anapeza tinthu tikugwedera,” anatero. “Ndiye ndinati, fumbi la ku Tsangano ndi loopsa, atimange bwino tisalowetse fumbi. Ndinaimirira pomwepo mpaka anamaliza. Ndimafuna ntchito yaukhondo ine.”

“Kamagwedera chifukwa ndiyo ntchito yake.”

“Nanga munthu angadziwe bwanji? Simunandiuzepo.”

“Mphuno zanu munazimanganso? Fumbi ndi lomwelo.”

Che Jafali anatembenuka, mapewa akugwedezeka.

Ndinene zoona. Mbali ina ya mlandu inali yanga. Pa Chimbiya ndi pa Dedza ndinadikira difu izizire, mpweya n'kuphwa, osandiuza kanthu. Phula ndinaliona, ndinalinyoza, koma sindinapise dzanja pamwamba. Mmisiri wa zaka zanga sayenera kutero. Ndinadzitukwana pang'ono. Zotsala ndinasungira alamu.

Dzuwa linali litapendeka. Foni sizinkagwira. Ndinaika jeke pa mwala wathyathyathya, koma galimoto inali yolemera ndipo inali pa chitsikiro. Katundu anayenera kutsika. Amuna anayi amene ankakumba kachewere m'munda wa pafupi anabwera okha, makasu ali paphewa. Nditawauza kuti ndi chiliza, anavula zipewa, n'kupuputa manja pa mabuluku.

Ine nthawi yopuputa manja ndinalibe. Nsalu inali itaserereka. Ndinagwira mwala kumsana kwake ndi dzanja lamanja, mmene linalili, n'kukankha. Dzanja limeneli lili ndi chala chaching'ono chopindika. Giyabokosi inachigwera kalekale.

Alamu anaima patali akulamula.

“Samalani malembawo! Malemba a pansiwo!”

“Bwana, gwirani uko,” anatero mlimi wina wamkulu.

“Ndili ndi vuto la msana, bambo.”

“Pepani. Ndiye sunthani, mthunzi wanu ukutilemera.”

Tinaugoneka pa matiresi m'mbali mwa msewu. Thumba la kachewere alimiwo analitsitsa akufunsana kuti lagulidwa kuti. Atamva, wina anangoti, “Ameneyu ndi wathu yemwe, wangokayenda.”

Ndinachotsa tayala ndi chibekete cha mabuleki. Ndinamasula paipi ya buleki, ndinamasula manati anayi a kuseri, ndinasolola shafuti ya tayala. Silo inali itakankhidwa, yapendekeka, kasipiring'i ka mkati mwake katadumpha. Mphira sanang'ambike. Ina yatsopano kunalibe. Sitolo ya pafupi inali ku Ntcheu, ndipo wa njinga yamoto akanabwerako kutada.

Alamu anatulutsa kabotolo kaja. Ndinangowayang'ana. Kanabwerera m'thumba.

Kasipiring'i ka silo kali ndi polumikizira. Ndinakapotokola, ndinadulako pang'ono ndi pulayala, ndinakalumikizanso kuti kagwire zolimba. Ndinatsuka silo ndi petulo, ndinaipaka girizi, ndinaikhoma m'malo mwake ndi kachipika, pang'onopang'ono, mozungulira. Mabuleki ndinawatsuka ndi petulo kawiri, n'kuwakhula pa thanthwe mpaka anayera. Si ntchito yoti n'kuionetsa anthu. Ndi ntchito yofikitsa munthu kumene akupita.

Timphuno tiwiri tija ndinatimasula n'kutiviika m'petulo. Phula linali litalowa mpaka mkati. Mlimi wina anathyola sipoko yogwedera pa njinga yake n'kundipatsa. Ndinatokosa kakumbuyo, ndinauzira ndi pakamwa mpaka mpweya unadutsa. Kakutsogolo ndinatokosa, n'kukapereka kwa alamu.

“Uzirani.”

“Ine?”

“Munakatseka ndinu.”

Anayang'ana dzuwa. Anayang'ana alimi anayi amene ankawayang'ana. Anauzira. Masaya anafufuma, maso anatong'oka, kenako kanangoti psii. Milomo yawo inatsala yakuda mozungulira ngati mwana woba makala. Palibe anawauza.

Nditabwezera zonse ndi kuthira oyilo, kunatsala kutulutsa mpweya m'mabuleki. Pamafunika wina woponda. Ndinawakhazika alamu pa chiwongolero.

“Pondani. Pondani. Gwirani pomwepo. Siyani.”

Anaponda, anagwira, anasiya. Chikwatireni mlongo wanga, aka kanali koyamba kumva zonena ine.

Tinakwezanso mwala. Alimi anakana kachewere wa alamu, anati kunyumba atopa naye. Makiyi alamu anandipatsa ndisanapemphe. Ndinayendetsa ndi giya yoyamba ndi yachiwiri, phazi lili kutali ndi buleki. Ndinaima kawiri kukagwada. Difu inali yotentha, koma youma. Ndinagwedeza kachipewa kaja ndi chala. Kanalira, keche keche. Palibe nyimbo imene ndinaimvapo bwino ngati imeneyo.

Tinafika dzuwa litakhala pamutu pa phiri. Amayi anali pa mphasa m'mbali mwa msewu. Akuti anakhalapo kuyambira masana, atakana kulowa m'nyumba. Sanafunse chimene tachedwera. Anaika dzanja pa nsalu ya mwala, n'kunena kuti, “Wafika.” Che Jafali sanamwe ngakhale madzi. Anapita kumanda ndi amuna a m'mudzi, anakanda simenti, anaimika mwala kukuchita chisisira, anaufunda nsalu.

Loweruka anthu anadzaza. Alamu anavala jekete. Milomo anali ataikhula mpaka kufiira. Anathokoza abusa, anathokoza a ku ofesi kwawo, anathokoza Mulungu amene anawapatsa nzeru pa msewu pamene masipeya achinyengo anafuna kuwachititsa manyazi. Che Jafali anandiponda phazi. Ine ndinkayang'ana nyerere.

Nsalu itachotsedwa anthu anawerenga kutsogolo. Kenako amayi ena amene anaima kumbuyo anayamba kunong'onezana. Kuseri kwa mwala kunali dzanja lakuda, chikhatho chonse ndi zala zisanu.

Anabweretsa sopo. Anabweretsa phulusa ndi mchenga. Dzanja linangokhala.

“Oyilo akamwedwa ndi mwala wotere satuluka, amayi,” anatero Che Jafali. “Pokhapokha ndibwere ndi makina ndidzapale.”

“Mubwere nawo mlungu wa mawa,” anatero alamu. “Uve umenewu sungakhale pa chiliza changa.”

Amayi athu anadzuka ndi ndodo yawo. Kutsogolo sanaimeko, sadziwa kuwerenga. Anazungulira kuseri. Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, n'kuyendetsa chala chawo pa chala chaching'ono chopindika chija.

“Ili ndi la Damiyano,” anatero. “Limeneli ndiye ndawerenga. Mulisiye.”



Tinabwerera ku Lilongwe. Lolemba ndinaika silo yatsopano ku tayala lija ndi mabuleki atsopano, chifukwa ntchito ya pamsewu siikhalitsa. Chiyambire pamenepo galimoto yawo amapita nayo ku garaja ya anthu a mayunifolomu. Aziipita nayo.

Chaka chatha ndinapita kwathu pa minibasi ndi pa lole ya kachewere, ndinakafika kumanda. Golide wa kutsogolo wayamba kusuluka ndi dzuwa. Kuseri ndiye kuli chomwecho. Oyilo wa difu ndimamudziwa ine. Sachoka.